Kabokosi koyezera dothi: kumchenga kananena zoona, kumakande kanandiputsitsa

Kabokosi aka ndinakagula chifukwa cha mapesi. Chaka chimenecho chimanga cha m'munda wanga wakumtunda chinagwa chisanakhwime n'komwe, popanda mphepo yoti munthu n'kuiloza chala. Ukagwira phesi linkangofwanyika m'manja ngati bango lovunda. Masamba am'munsi anali atapsa kuyambira kunsonga, kupsako n'kumatsika m'mphepete mbali zonse ziwiri, koma pakati pa tsamba pali pobiriwira bwinobwino. Zitsononkho zinatuluka zosadzaza kunsonga. Ine n'kumati ndi dzuwa, mpaka mlangizi wina atayang'ana tsamba limodzi lokha anati: "Bambo, njala ya nayitrojeni imayenda pakati pa tsamba, motsata msana. Iyi yadzera m'mphepete. Uyu ndi potaziyamu." Nditabwerera kunyumba ndinatenga thumba lakale la feteleza n'kuwerenga manambala atatu aja. Yachitatu, imene imaimira potaziyamu, inali 0. Zaka zonsezi ndinkathira nayitrojeni ndi fosifolasi basi, kwinaku mapesi ndikututa kukapatsa ng'ombe.

Ndiye ndinafuna chida choti ndizidziyezera ndekha, osadikira labotale nthawi iliyonse. Ndakhala nako nyengo zitatu tsopano, ndayeza nako dothi la minda itatu yosiyana kwambiri, ndipo kawiri ndinatumiza dothi lomwelo ku labotale kuti ndifananitse. Zimene ndikulemba pano zikukhudza mbali ya potaziyamu yokha. Mbali ya pH, yoyeza kuwawasa kwa dothi, imagwira bwino ndithu, ya nayitrojeni ndinasiya kuikhulupirira kalekale, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mkati muli timachubu tapulasitiki, kasupuni koyezera dothi, timapilitsi tamitundu iwiri ndi kapepala ka malangizo. Umasakaniza dothi ndi madzi, n'kuponyamo piritsi loyamba lomwe limakoka michere m'dothimo, n'kukhutchumula, kenako kudikira kuti dothi lidikhe pansi. Madzi oyera apamwambawo umawatsanulira m'kachubu kena n'kuponyamo piritsi lachiwiri. Ngati muli potaziyamu, madziwo amachita mbuu ngati mwadonthera mkaka. Mankhwala amene amachititsa zimenezi ndi sodium tetraphenylborate, yemwe akakumana ndi potaziyamu amapanga tinthu toyera tosasungunuka. Powerenga pali kachubu kakang'ono kokhala ndi kadontho kakuda pansi pake. Umakalowetsa pang'onopang'ono m'madzi ambuuwo uku ukusuzumira kuchokera pamwamba, ndipo pamene kadontho kazimiririka ndi pamene umawerenga mzere wa m'mbali: wochepa, wapakatikati kapena wambiri. Nzeru yake ndi yabwino, ndipo tsiku loyamba ndinasangalala ngati mwana.

Vuto loyamba linabwera tsiku lomwelo. Ndinaitana mayi akunyumba kuti nawonso aone. Ine kadontho ndinali nditasiya kukaona, iwo akuti, "Abambo, kadonthotu kali pompo, mwina maso anuwo ndi amene atopa." Tinatuluka panja pamthunzi, tonse tinakaona. Titalowa m'nyumba kanasowanso. Ndiye kuti yankho limadalira kuwala kwa pamalo pamene waima ndi maso a amene akuwerenga. Kuyambira pamenepo ndimawerengera malo amodzi, pakhonde, m'mawa, ndipo timawerenga awiri. Kapepala ka malangizo sikatchula zimenezi ngakhale pang'ono.

Dothi lakumtunda lija ndi lamchenga wosakanikirana ndi katondo, ndipo kumagwa mvula yambiri. Madzi ake anadikha msanga, anayera mbee, ndipo piritsi lachiwiri litasungunuka kadontho kankaonekabe mpaka pansi penipeni. Wochepa. Labotale itayeza dothi lomwelo inapeza pafupifupi 0.1 cmol/kg (muyeso wa potaziyamu pa kilogalamu ya dothi), pamene akatswiri ambiri amati chimanga chimayamba kuvutika dothi likatsika pansi pa 0.2, zomwe ndi pafupifupi mamiligalamu 78 pa kilogalamu ya dothi. Apa kabokosi ndi labotale zinagwirizana, masamba nawo anali atanena kale zomwezo. Nyengo yotsatira ndinathira MOP (muriate of potash), feteleza wa potaziyamu, ndinasiya mapesi m'munda, ndipo chimanga chinaima mpaka tsiku lokolola. Kukanakhala kuti munda wanga ndi umodzi wokhawu, bwenzi ndikukuuzani kuti thamangani mukagule.

Koma ndili ndi munda wina kumunsi, wamakande, dothi lakuda lomata lomwe limang'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowa nthawi yachilimwe. Kumeneko kuli nthochi, ndipo nthochi ndi mbewu yadyera pa potaziyamu kuposa mbewu zambiri. Masamba akale ankachita chikasu chonkera ku olenji n'kupindika kunsonga, mikoko n'kumatuluka yaing'onoing'ono. Nditayeza, kadontho kanasowa ndisanalowetse kachubu ngakhale theka. Wambiri! Ndinati basi, vuto si potaziyamu, n'kuyamba kufunafuna matenda amene kunalibe. Nyengo yathunthu inapita choncho.

Chinanditsegula maso ndi ngozi chabe. Tsiku lina ndikuyezanso dothi lomwelo ndinaiwala kuponyamo piritsi lachiwiri, koma nditalowetsa kachubu kadontho kanasowabe. Madziwo anali ambuu kale paokha. Dongo lamakande ndi losalala kwambiri moti tinthu take timayandama m'madzi kwa maola ambiri osadikha, ndipo diso silingasiyanitse mbuu wa dongo ndi mbuu wa potaziyamu. Chaka chonse ndinkawerenga matope. Nditasefa madziwo kawiri ndi pepala losefera, lomwe m'kabokosimo mulibe ndipo ndinachita kupempha kwina, yankho linatsika kufika pakati pa wochepa ndi wapakatikati, ndipo labotale inadzanenanso chimodzimodzi. Ichi ndiye cholakwa chachikulu cha chida chimenechi. Mphindi zochepa zodikira zimene analemba pakapepala zimakwanira dothi lamchenga, osati dongo, ndipo kukanangofunika chiganizo chimodzi chochenjeza ndi timapepala tosefera tingapo.

Nkhani siinathere pomwepo. Ndinathira MOP kuzungulira mapando a nthochi, ndinadikira milungu ingapo dothi likunyowa ndi kuuma, n'kuyezanso mosefa bwino. Yankho linangosuntha pang'ono, ngati kuti feteleza uja ndinathira m'munda mwa mwini. Apa ndinayamba kukayika kuti mwina timapilitsi tafwifwa. Nditafunsa kwa amene anandiyezera ku labotale, anaseka n'kunena kuti kabokosi sikanalakwe ulendo uno, dothi ndi limene lameza.

Anandifotokozera chinthu chimene ndikuona kuti aliyense wogula chida chotere ayenera kuchidziwa asanatsegule. Potaziyamu m'nthaka amakhala m'magulu anayi, ndipo ine ndimawaganizira ngati madzi. Pali amene wasungunuka kale m'chinyontho cha dothi, yemwe muzu umangomwa: ameneyo ndi madzi a m'kapu, ndipo ndi wochepetsetsa, safika ngakhale gawo limodzi pa magawo 100 a potaziyamu yense. Pali amene wangomata kunja kwa tinthu tadongo ndi ta manyowa, wokonzeka kumasuka m'kapu mukachepa: ameneyo ndi mtsuko, gawo limodzi kapena awiri pa 100. Pali amene wapanikizika mkati mwa dongo, pakati pa timapale take, yemwe amatuluka pang'onopang'ono pa miyezi ndi zaka: chitsime chimenecho, chomwe chimatha kufika magawo 10. Otsala onsewo, magawo 90 mpaka 98, ali m'miyala yeniyeni, feldspar ndi mica, ngati madzi okhala pansi pa thanthwe, oti amasuke mwala ukafumbutuka patapita mibadwo. Kabokosi kamaona kapu ndi mbali ina ya mtsuko. Labotale, kaya igwiritse ntchito mankhwala a ammonium acetate kapena njira ya Mehlich 3 imene inafalitsidwa mu 1984, imaona kapu ndi mtsuko wonse. Chitsime sichioneka pa zonse ziwirizi pokhapokha utapempha kuyeza kwapadera.

Nanga feteleza wanga anapita kuti? Anatsikira m'chitsime. Mitundu ina ya dongo, makamaka vermiculite ndi illite yomwe yaguga, ili ndi timipata pakati pa timapale take tomwe kukula kwake kumangokwanirana ndendende ndi potaziyamu. Dothi lotere likakhala kuti lakamidwa kwa zaka zambiri, timipatato timakhala tapululu, ndiye ukathira feteleza timayamba kudzaza tokha, dothi likauma timapale n'kutsekeka. Sikuti watayika, adzatuluka m'tsogolo, koma mbewu ya chaka chino imangolawa. N'chifukwa chake m'dothi lotere ndi bwino kuthira pamalo amodzi pafupi ndi mizu kusiyana ndi kumwaza munda wonse, kuti dongo lokhudzana ndi fetelezayo lichepe. Nditayamba kutero mikoko inayamba kusintha, ngakhale kabokosi kankangonenabe kuti wapakatikati.

Dothi lakumtunda lija khalidwe lake ndi losemphana ndi limeneli. Dongo lake ndi kaolinite, lomwe silimeza potaziyamu komanso siligwira wambiri. Mtsuko wake ndi waung'ono, chitsime chake n'chosazama, ndipo miyala yokhala ndi potaziyamu inafumbutuka kalekale chifukwa cha kutentha ndi mvula ya zaka zosawerengeka. Dothi lofiira la madera otentha amvula yambiri nthawi zambiri limakhala lotero, ngati la ku Cerrado ku Brazil, komwe ulimi wa soya umadalira kwambiri potashi, feteleza wa potaziyamu, wochokera kunja, ku Canada, Russia ndi Belarus. M'dothi lotere chimene waona m'kapu ndi mumtsuko ndi pafupifupi zonse zimene mbewu ingapeze, ndiye kabokosi kamanena zoona. Koma ukathira feteleza yense nthawi imodzi mvula yamphamvu imamutsitsa kupitirira mizu, choncho ine ndimagawa kawiri, pobzala ndi pobereketsa.

Kumadera ozizira, monga pakati pa North America ndi kumpoto kwa Ulaya, dothi lambiri ndi laling'ono msinkhu. Linatsala pamene madzi oundana anabwerera m'mbuyo zaka zoposa 10,000 zapitazo atapera miyala, ndipo lili ndi mica ndi illite wambiri. Kumeneko chitsime n'chakuya, ndipo kuundana ndi kusungunuka kwa nthaka chaka ndi chaka kumasunthanso potaziyamu pakati pa magulu aja. Ndikaona tebulo la malangizo a feteleza lomwe lili kuseri kwa kapepala ka m'kabokosi, ndimaona kuti analembera dimba la kumalo otero. Tebulo ndi limodzi, lofanana kwa aliyense. Silifunsa ngati dothi lako ndi mchenga kapena dongo, ngati kwanu mvula imagwa miyezi inayi kapena chaka chonse, ngati mapesi umasiya kapena umatuta. Pamene mawu oti wapakatikati pamchenga ndi mawu omwewo pamakande akunena zinthu ziwiri zosiyana.

Munda wachitatu si wanga. Ndi wa alamu anga, omwe amalima tomato mothirira kudera louma komwe mvula ndi yosowa ndipo dothi lake ndi lotuwa, lochita timiyala toyera ta laimu. Ndinawabwereketsa kabokosi nditawalangiza zosefa. Patapita masiku anandiimbira: "Alamu, kachida kanuka kakuti potaziyamu ndi wambiri, ndasefa kawiri monga munanenera. Nanga tomato akupsa mothothomoka chifukwa chiyani, mapewa ake achikasu osafiira?" Kabokosi apanso sikananame. Dothi la kumalo ouma kawirikawiri limakhala ndi potaziyamu wokwanira chifukwa palibe mvula yomutsuka. Koma kukhalapo ndi kufika kumuzu n'zosiyana. Potaziyamu wambiri amafika kumuzu poyenda pang'onopang'ono m'kachinyontho kokuta tinthu tadothi, mtunda wa mamilimita ochepa chabe, ndipo dothi likauma pakati pa kuthirira kwina ndi kwina njira imeneyo imaduka. Kuonjezera apo, kashiyamu ndi maginiziyamu zikachuluka kwambiri m'dothi ndi m'madzi othirira zimalimbirana naye khomo lolowera. Alamu ankathirira kwambiri kamodzi kenako n'kudikira masiku ambiri. Atayamba kuthirira pang'onopang'ono pafupipafupi ndi kuphimbira mizere ndi udzu, zipatso zotsatira zinayamba kufiira mofanana asanathire feteleza wina aliyense. Dothi logogomezeka, lozizira kapena lodikha madzi limachitanso chimodzimodzi: potaziyamu alipo, muzu ndi umene walephera. Palibe piritsi lingakuuze zimenezo.

Pali timisampha tina tiwiri timene ndinagwamo, ndipo tonse kapepala kaja kali chete. Koyamba ndi ammonium, mtundu wa nayitrojeni umene feteleza wa urea amasanduka akalowa m'dothi. Mankhwala a m'piritsi lachiwiri sasiyanitsa bwino potaziyamu ndi ammonium, onse amachititsa mbuu. Ndinayeza pamzere pamene ndinali nditangothira urea masiku ochepa m'mbuyo, ndipo munda wosauka uja unasanduka wolemera mwadzidzidzi. Yezani musanathire feteleza aliyense, ndipo dothi mutenge m'malo ambiri m'munda n'kusakaniza, osati pa phando limodzi kapena pamene panaotchedwa zinyalala, chifukwa phulusa lili ndi potaziyamu wambiri. Ngakhale dzina loti potashi linachokera ku phulusa lomwe anthu akale ankaliviika m'madzi n'kuwaphwetsa mumphika, ndipo ndi m'potashi wotero momwe wasayansi wa ku England Humphry Davy anapatula potaziyamu koyamba mu 1807. Kachiwiri ndi kuyanika dothi. Malangizo amati uumitse kaye, ine n'kuyanika pa lata padzuwa lamasana. Kuumitsa kumasintha yankho: dothi losauka limatha kumasula potaziyamu wina n'kuoneka ngati lili bwino, pamene lolemera limatha kumutsekera. Ku Iowa, ku America, ofufuza anapeza kuti pa dothi lina lakumeneko kuyeza dothi likadali lonyowa kumalosera bwino njala ya mbewu kusiyana ndi kuyeza louma. Ine tsopano ndimaumitsira pamthunzi, ndipo ndimatenga dothi nyengo yofanana chaka chilichonse kuti ndizifananitsa zinthu zofanana.

Pa nkhani ya manambala, tebulo lija limalankhula za K2O, momwe potaziyamu amawerengedwera pa matumba a feteleza, pamene lipoti la labotale limalankhula za K, potaziyamu weniweni, ndipo palibe amene amakuuza kuti n'zosiyana. K2O umachulukitsa ndi 0.83 kuti upeze potaziyamu weniweni. Thumba la makilogalamu 50 la MOP, lolembedwa 0-0-60, lili ndi makilogalamu 30 a K2O, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 25 a potaziyamu. Tebulo lija silitchulanso kuti MOP ali ndi chloride wambiri, yemwe fodya ndi mbatata ya kachewere sizigwirizana naye, ndipo m'dothi lamchere ngati la alamu amangoonjezera mavuto. Pamenepo pamafunika feteleza wina wa potaziyamu, SOP (sulphate of potash), wa 0-0-50, yemwe amabweretsanso salufa.

Zing'onozing'ono: timapilitsi timakoka chinyezi msanga, ndipo nditasiya paketi yotsegula nyengo yamvula tina tinafewa n'kumatirirana. Ndimasunga m'botolo lotseka bwino. Ta potaziyamu tinayamba kutha chifukwa chobwerezabwereza, ndipo sindinapeze togula patokha popanda kugula kabokosi kena kathunthu, zomwe zinandinyansa. Madzi oyezera akhale aja othira m'batire kapena amvula otolera m'chiwiya choyera, osati apachitsime. Timachubu n'tolimba, ndagwetsa kangapo osasweka, koma mizere yowerengera yayamba kufufutika.

Kodi n'koyenera kugula? Ngati dothi lanu ndi lamchenga kapena katondo wopepuka, kudera lamvula, ndipo mukungofuna kudziwa ngati potaziyamu watha kapena ayi, gulani, kakuthandizani, ndipo yankho loti wochepa mulikhulupirire. Pa mayankho onse amene kanandipatsa, limenelo ndi lomwe silinandigwiritsepo mwala. Yankho loti wambiri muzilikayikira mpaka mutatsimikiza kuti madzi anali oyera musanaponye piritsi lachiwiri, kuti simunatenge dothi pamene pali feteleza kapena phulusa, komanso kuti masamba akuvomereza. Ngati muli pamakande kapena mukulima mothirira kudera louma, yambani ndi labotale kamodzi, mupemphe kuti akuyezereni potaziyamu pamodzi ndi kashiyamu, maginiziyamu ndi CEC, yomwe imaonetsa kukula kwa mtsuko uja, kenako kabokosi kazingokuthandizani kuona ngati zinthu zikukwera kapena kutsika chaka ndi chaka.

Ine ndikugwiritsabe ntchito kumunda wakumtunda, kamodzi pachaka mvula isanayambe. Chaka chatha kadontho kanasowa kachubu katangodutsa mzere wa wochepa, koyamba chiyambireni, ndipo sindinaonjezere feteleza kuposa kale. Ndikuganiza kuti ndi mapesi, chifukwa potaziyamu wambiri amene chimanga chimamwa amatsalira m'phesi ndi m'masamba osati m'njere, ndipo mvula yoyamba imangomutsukira m'dothi mapesiwo asanaole n'komwe. Ng'ombe tsopano ndimazipatsa theka lokha, ndowe zake n'kubweza kumunda komweko. Kumakande ndinasiya kuyeza ndi kabokosi. Ndimangoyang'ana tsamba lachitatu ndi lachinayi kuchokera pansi pa nthochi iliyonse, ndipo dothi lakumeneko ndidzatumizanso ku labotale chaka chamawa.